3 Koloko ya Anti Meseret

Ndikukumbukira sutikesi yabuluu imene inkakhala pamwamba pa wadiropu m'chipinda cha amayi ku Sparkhill. Ndi imene ndinabwera nayo kuchokera ku Kasungu ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditakhala zaka zitatu kwa azakhali kudikira kuti amayi, amene anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino kuno ku Birmingham, andiitane. Tinali awiri basi m'kanyumba kathu, kumsewu wina wopatuka pa Stratford Road. Ndikalakwa, amayi ankangoloza sutikesiyo ndi milomo, ine n'kumva zonse.

Ndipo kulakwa ndinkalakwa. Ndivomere pano popeza mlandu unatha kalekale: ndinali mwana wabodza. Koma bodzalo sindinaliyambe ndekha. Sabata yoyamba kusukulu anzanga anandizinga ndi mafunso. Kodi ku Africa kuli nyumba? Nsapato unazivalapo usanabwere kuno? Poyamba ndinkayankha zoona, koma ndinaona kuti zoona zikuwagwetsa ulesi. Ndiye tsiku lina ndinawauza kuti kwathu tinkaweta fisi, dzina lake Bwanali, amene ankandiperekeza kusukulu atandinyamulira chikwama kukamwa. Malonda anayenda tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo sindinkasowa wokhala naye panthawi yopuma, ndipo makirisipi a anzanga ndinkawatolera ngati msonkho.

Amene sankaseka nawo anali aphunzitsi athu a kalasi lomaliza la pulayimale, Mayi Pritchard. Kalata yawo yoyamba kwa amayi inabwera mwana wina atalira kwawo kuti nayenso amugulire fisi. Yachiwiri inabwera nditawauza kuti mwambo wa kwathu sulola mwana wamkazi kuthamanga Lachiwiri, lomwe linali tsiku la masewera panja pozizira. Amayi anaiwerenga ali chiimire, yunifomu ili m'thupi.

"Iwe Ndaziona, ine ndikufa ndi ma shift, iwe busy kundivula pamaso pa azungu? Letter yachitatu ikangofika m'nyumba muno, ukukwera ndege. Ku Kasungu kuli ma boarding, akakuwongola."

"Yes, Mum."

"Usandiyesimamu ine."

Ndinachita mantha enieni. Sikuti ku Kasungu ndinkadana nako, ayi. Chimene ndinkaopa chinali kubwerera kumoyo uja wodziwa amayi pafoni, Lamlungu lokha, mawu awo akudukaduka ngati wailesi yotha batire. Ndinalumbira chamumtima kuti bodza ndasiya, ndipo kwa milungu itatu ndinali mwana wosasangalatsa kwambiri m'kalasi monse.

Kenaka inabwera ntchito yokachitira kunyumba. Aliyense akapeze munthu wochokera kudziko lina, akamufunse za kwawo, alembe zimene waphunzira, adzawerenge pamaso pa kalasi. Kwa anzanga zinali zophweka: wina agogo ake a ku Pakistan, wina a ku Jamaica, wina a ku Ireland. Ine ndinali nditakonza kale zofunsa amayi, koma Mayi Pritchard anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti za ku Malawi azimva zokwana, ndikapeze dziko lina.

Nyumba yoyandikana nafe inali yogonamo ana a sukulu za ukachenjede, aliyense ndi chipinda chake. Chakumbuyo cham'mwamba munkakhala Anti Meseret, mtsikana wamtali wa ku Ethiopia, amene m'mawa uliwonse ankakwera basi yopita ku Aston komwe ankaphunzira za madzi ndi mipopi. Tinkawadziwa kwambiri ndi fungo. Lamlungu lililonse masana, pawindo pawo pankatuluka utsi wa khofi wopserera wosakanikirana ndi lubani, n'kulowa kukhitchini kwathu, amayi n'kutseka windo. Amayi ankawapatsa moni waulemu, koma kumbali ankang'ung'udza kuti munthu wobwera kudzaphunzira akufukiza lubani masanasana pofuna chiyani. Atamva za ntchito yanga anavomera monyinyirika, n'kundipatsa malamulo atatu: ndikapereke moni bwino, ndisakakhalitse, ndipo chachikulu, ndisakadye kanthu. "Za eni sitidya," anatero. "Anthu amadyetsa." Inu a kwathu mukudziwa kuti mawu amenewa sanena za kukhuta.

Ndinapita Lamlungu titabwera kutchalitchi, nditatenga kope ndi bolopeni yatsopano. Kachipindako kanali kakang'ono, mabuku mbwee pabedi, koma pansi anali atayala kamphasa kobiriwira n'kundandalikapo timakapu topanda zogwirira. Anti anali atakhala pakampando kakafupi, akukazinga njere za khofi m'kachiwaya. Zitada bii anabweretsa chiwayacho pafupi ndi nkhope yanga, n'kundikupizira utsiwo ndi dzanja kuti ndinunkhize. Ndinakumbukira amayi, ndinagwira mpweya mpaka maso anatuluka. Iwo anangoseka, n'kusinja njerezo, n'kuthira mumphika wakuda wadothi wa khosi lalitali.

Funso langa loyamba linali la dzina. Anandiuza kuti kwawo kulibe dzina la banja loyenda mibadwomibadwo; dzina lachiwiri la munthu ndi dzina loyamba la bambo ake, ndipo mkazi akakwatiwa sasintha. Ndinawafunsa ngati zimenezo zikutanthauza kuti mayi ndi mwana amakhala ndi mayina osiyana. M'malo moyankha anakoka mpweya mwadzidzidzi, "hhi", ngati munthu amene wathiridwa madzi ozizira pamsana. Ndinafunsa funso lina, anateronso. Kachitatu ndinaimirira n'kuwauza kuti asadandaule, amayi anga ndi nesi, ndikawaitane. Anaseka mpaka misozi. Kunali kuvomera kumeneko. Kwawo inde amamukokera m'kati.

Zinthu zinafika pokoma nditafunsa chaka chimene anabadwa. Anandifunsa kuti ndikufuna cha kalendala ya ndani, chifukwa kwawo adakali mu 1999. Apa n'kuti tili kumayambiriro kwa 2007. Sanathere pomwepo. Anati chaka cha kwawo chili ndi miyezi khumi ndi itatu, womalizawo ndi kamwezi ka masiku asanu okha, zaka zina asanu ndi limodzi. Chaka chatsopano amachilandira mu Seputembala. Ndipo nthawi amayamba kuiwerenga dzuwa likatuluka, moti imene ife timati 7 koloko m'mawa, kwa iwo ndi 1 koloko. Anandionetsa wotchi ya pamkono imene ankaiyendetsa mwa kawerengedwe ka kwawo kuti asakuiwale. Ya pakhoma inkati 4, yawo inkati 10.

Ndinaika bolopeni pansi, ndinawayang'ana ndi ulemu umene mmisiri amapereka kwa mmisiri mnzake. Ndinawauza mosabisa kuti ine bodza ndimalidziwa, ndalisiya posachedwa pompa, ndipo lawoli n'lokongola kuposa la fisi koma kusukulu silikadutsa. Sanakwiye. Anatsitsa kalendala pakhoma, ya zilembo zonga tianthu tovina, n'kuigwira chala changa kuti tiwerenge miyezi limodzi. Inakwanadi khumi ndi itatu. Ndinamva nsanje. Anthu awa anali ndi nkhani zokoma chonchi, zoona zokhazokha, pamene ine ndinkachita kutuluka thukuta popeka zanga.

Khofi ndinamukana bwinobwino, mbuliwuli zimene anakazinga ndinazikananso. Mayeso anabwera ndi thireyi yaikulu. Pamwamba pake anayalapo chinthu chotuwa, chofewa, chodzaza timaenje, chimene anati ndi injera, ndipo pakati anathirapo ndiwo zofiira zonga mphodza, zonunkhira anyezi ndi tsabola. Ndinanena monga anandiphunzitsira kwathu, kuti zikomo ndakhuta. Anti anang'amba chidutswa, anakulungamo ndiwo, ndipo m'malo mopita nacho kukamwa kwawo, dzanja linabwera kukamwa kwanga. Anati umenewu ndi mwambo wotchedwa gursha: munthu amene umamukonda kapena kumulemekeza umam'dyetsa ndi dzanja lako, ndipo wokana gursha wakana mwini dzanja.

Ndiye taganizani. Amayi andichenjeza za kudyetsedwa, ndipo pano munthu akundidyetsa poyerayera, dzanja lili pamlomo, ndiwo zikudontha. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana nazo mumtima, koma mphuno inagamula mlandu msanga. Ndinayasamula. Chinali chowawasa ngati thobwa logona masiku awiri, tsabola wake wotulutsa misozi, ndipo chinali chokoma kwabasi. Ndisanameze, china chinali chitafika kale. Anati kwawo kudyetsa munthu kamodzi kokha ndi ndewu, pamafunika kachiwiri kuti mukhale pamtendere. Ine pokonda mtendere ndinalandira kasanu.

Pobwerera ndinatsuka m'kamwa pampopi wa kuseri n'kutafuna chingamu. Amayi atandifunsa ngati ndadya, ndinati, "No, Mum." Anandinunkhiza, ndinawauza kuti ndi utsi chabe. Limeneli ndinaliwerenga ngati bodza laling'ono, la m'nyumba, losafika kusukulu.

Nkhani ndinailemba ndi mtima wonse, osathiramo mchere ngakhale pang'ono. Ndinangochotsamo za gursha. Lachiwiri ndinaimirira pamaso pa kalasi ndili ndi matama a munthu wolapa. Za mayina zinadutsa bwino. Nditafika pa miyezi khumi ndi itatu, ena anayamba kugwirana m'nthiti. Pa 1999 kalasi lonse linaphulika, ndipo mnyamata wina anafunsa ngati Bwanali nayenso amavala wotchi yobwerera m'mbuyo. Mayi Pritchard anandiimitsa ndisanamalize. Pakona ya kalasi panali kompyuta, akanatha kufufuza, koma ndani amataya nthawi kufufuza mawu a munthu woweta fisi? Poweruka anandipatsa envulopu. Kalatayo inkati kholo langa libwere Lachinayi, 3 koloko.

Amayi sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Anawerenga, anapinda kalatayo, anakoka mpando, anakwerapo, anatsitsa sutikesi. Anaipukuta fumbi ndi kansalu konyowa, n'kukaiimika pakhonde la m'kati, pafupi ndi chitseko chotulukira.

"Mum, it's true."

"Za fisi zija unkatinso it's true."

Ndinawachonderera kuti akafunse okha kwa Anti, khoma limodzi lokha. Anati apite ndi nkhope iti, akawauze eni ake kuti mwana wanga wasemera dziko lanu bodza? Anandiletsanso kupondako. Ndinalira tsiku limenelo kuposa tsiku lililonse chibwerereni ku England. Kulangidwa utalakwa kumapiririka, koma ine ndinali kupita ku Kasungu chifukwa cha tsiku lokhalo limene ndinanena zoona.

Anandiletsa kuponda, koma za kusuzumira pampanda sananene. Lachitatu masana, amayi akugona kukonzekera ntchito, ndinakwera pabini ya zinyalala kuseri, n'kupeza Anti akuanula zovala. Ndinawapatsira kalata ija ndikusisima. Anaiwerenga kawiri, anakoka kampweya kawo kaja, kenaka pankhope pawo panabwera kumwetulira kumene ndinakuzindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndinkakuona pagalasi ndikapeka nkhani yatsopano. Anati ndisalire, abwera 3 koloko yeniyeniyo. Ndinawapempha kuti asachedwe.

Lachinayi m'mawa amayi anachokera kuntchito n'kundiperekeza okha kusukulu, atandigwira pamkono ngati mbuzi yopita kumsika. Kunkawaza kamvula kosatha kaja ka kuno. Tinafika pabwalo ana akuima pamizere, makolo ali m'mbali ndi maambulera. Belu la 9 koloko litangolira, ndinaona anthu akutembenuka. Pachipata pankalowa Anti Meseret atavala diresi loyera mbee la kwawo, la maluwa opeta m'mphepete, nsalu yoyera itafunda kumutu, kalendala ili m'khwapa. Anayenda mosathamanga mpaka pamene panaima Mayi Pritchard, anawerama pang'ono, n'kudzitchula dzina. Anati ndi iwo amene ndinawafunsa mafunso, ndipo abwera monga mwa kalata.

Mayi Pritchard anayankha mwaulemu wouma kuti kalatayo inali ya kholo, komanso nthawi yake ndi 3 koloko, osati pano. Anti anatambasula mkono, n'kukweza nsalu kuti wotchi ioneke.

"Ndi 3 koloko, madamu. Kwathu kuchedwa pamlandu wa mwana n'kupanda ulemu."

Aphunzitsi anayang'ana wotchiyo. Kenaka anapatsidwa kalendala, anawerenga miyezi ndi chala, anabwerezanso kuyambira pamwamba. Kufiira kunayambira m'khosi n'kukwera mpaka m'makutu. Koma ndiwayamikire mayi aja: anatembenukira kwa ine, pamaso pa mzere wonse, n'kunena kuti analakwitsa ndipo akupepesa. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akupepesa mwana, moti ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akunena wina. Anapempha Anti kuti alowe adzayankhule ndi kalasi.

Ndinali nditayamba kale kuyenda ngati mwini sukulu pamene Anti anatembenukira kwa amayi. Anawagwira manja onse awiri, n'kuyamba kunditamanda. Anati mwana wanu ndi waulemu, wamafunso anzeru, ndiponso si wonyada pachakudya ngati ana ena a kuno. Gursha analandira kasanu, osatsala ndi kambewu komwe. Amayi anafunsa kuti gursha n'chiyani. Anti anafotokoza, mpaka kuchita kusonyeza ndi dzanja. Amayi anandiyang'ana diso lija, n'kunena liwu limodzi m'Chichewa: "Kasanu." Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ka Anti Meseret kanameta aphunzitsi, n'kundicheka ine khutu podutsa.

Tsiku lonse kalasi linali pa ine. Ena anabwera kudzafunsa mwakachetechete ngati ndiye kuti za Bwanali zinalinso zoona, ndipo ndinadziletsa movutikira kwambiri. Koma mtima unali pasutikesi. Nditafika kunyumba ndinaipeza ili pompaja, pafupi ndi chitseko. Amayi anali asanagone, anali kukhitchini kukazinga mandasi. Anawaika m'mbale, anavundikira ndi kansalu, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kuti, "Tiye."

Kwa Anti amayi anathokoza mwa kwathu, mosafulumira, kuyambira pa kundilandira mpaka pa kunyowa ndi mvula chifukwa cha mwana wa eni. Anti anakazinga khofi, ndipo amayi anakoka utsi uja ndi mphuno zawo zomwe, atakhala chowongoka ngati ali pa benchi ya kutsogolo. Kenaka thireyi inabwera. Ndinaona Anti akung'amba injera, akukulunga, dzanja likukwera kulunjika kukamwa kwa amayi. Amayi analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Anayang'ana ine. Kenaka mayi amene anandiphunzitsa kuti za eni sitidya anatseka maso n'kuyasamula.

Anatafuna, anatsokomola, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma tsabola wake ndi wa serious," anatero. Atalandira kachiwiri, anasamba m'manja n'kung'amba chidutswa chawo. Kukulunga sanakudziwe, anachiumba m'chikhatho monga tiumbira mbamu, chinatuluka chachikulu ngati dzira la bakha. Ndinkaganiza kuti akubwezera kwa Anti, koma dzanja linabwera kwa ine. Ndinayasamula. Anti ananong'ona kuti kwawo gursha ikakula ndiye kuti chikondinso n'chachikulu, ndipo amayi anachita ngati sanamve.

Ndili ndi chakudya tho m'kamwa, ndinakweza zala ziwiri. Nditameza ndinawauza kuti kamodzi ndi ndewu.

"Wayambanso bodza lako?"

Anti anakoka kampweya kaja, "hhi", ndipo ine ndinamasulira kuti kumeneko n'kuvomera, akunena kuti n'zoona. Amayi anapukusa mutu, n'kung'amba china. Titabwerera kunyumba anandiuza kuti sutikesi ikutchinga njira, ndikwere pampando ndiibwezere pamene inali. Pepani wa amayi a kwathu ndi ameneyo, ndipo ndinamumva bwino lomwe.

Anti Meseret anamaliza maphunziro n'kubwerera kwawo chaka chotsatira, ndipo tinasowana. Lero ndimakhala ku Longbridge, m'nyumba zatsopano zimene anamanga pamene panali fakitale ya magalimoto, ndipo ndili ndi mwana wanga wamkazi wa msinkhu womwe uja. Iyeyu sunganame naye. Usanamalize chiganizo wafufuza kale pafoni. Ndinayesa kumuuza za Bwanali, anandipempha chithunzi. Zikanakhala masiku ano, mlandu wanga ukanatha m'kanthawi kochepa ndi chala chimodzi pagalasi, ndipo ndi bwino ndithu. Koma bwenzi kulibe diresi loyera m'mvula, ndipo bwenzi amayi atapitiriza kutseka windo Lamlungu lililonse.

Sutikesi yabuluu ija inakwerabe ndege. Amayi atapuma pantchito anaitsitsa okha, n'kulongedzamo zawo, kubwerera ku Kasungu. Tsopano ndabwerera kumoyo uja ndinkauopa, wodziwa amayi pafoni, ngakhale masiku ano nkhope imaoneka ndipo mawu saduka. M'mawa wa tsiku lonyamuka tinali kukhitchini kwanga, tonse tikuyankhula za mapasipoti ndi kulemera kwa katundu pothawa zimene zinali mumtima. Mwadzidzidzi ananyema mandasi, n'kundiika chidutswa m'kamwa, ine mayi wa mwana. Kenaka anatembenuka kukatseka sutikesi. Ndinaima pomwepo osasuntha, misozi ili m'maso, ndikudikira. Anafika mpaka pakhomo, anaima, anatsonya pang'ono, n'kubwerera ndi chachiwiri.